Wamabandeji Wafika?

"Asacheuke. Akangocheuka, watha."

Apongozi anga aamuna, ba Whyson, ananena mawu amenewa chapansipansi, atakhala pa kampando kawo pakhomo, mwendo wina m'nyumba wina panja. Sankalankhula ndi ine. Ankalankhula ndi mnyamata wowonda wa pa TV, yemwe ankapalasa njinga yekhayekha pakati pa minda ya mpendadzuwa ku France, m'mbuyo mwake mukubwera chigulu cha anzake oposa zana, chothinana ngati madzi a m'ngalande za m'dera lathu la Mtendere, mu Lusaka, mvula ikakwiya.

Ine ndinali chigonere pa matiresi pabalaza, chakumanzere monga anandilangizira a nesi, pilo pakati pa mawondo, mapazi atatupa ngati mabanzi. Ndinali nditatha masiku awiri ndikungoyang'ana khoma. Tsiku limenelo ndinatembenuza mutu.

Mnyamata uja anacheuka. Mzere womalizira unkaoneka kale patsogolo pake, anthu akumenya zikwangwani m'mbali mwa msewu, koma chigulu chija chinangomumeza, ndipo sindinamuonenso. Ba Whyson anadzimenya pabondo, n'kupukusa mutu.

"Nanga amathawiranji anzake ngati akudziwa kuti amugwira?"

Funsoli linangondipulumuka. M'zaka zinayi za ukwati wanga ndi Nason ndinali ndisanalankhulepo ndi bambo ake mwachindunji, kupatula moni wogwada, maso ali pansi. Ndi mmene tinaleredwera kwathu ku Katete, ndipo iwo, ngakhale anali atakhala mu Lusaka zaka makumi anayi, ankasunga mwambowo kuposa ine. Tikakumana m'kanjira ankapatuka ngati aiwala kanthu kunyumba.

Anayankha akuyang'ana felemu la chitseko.

"Tsiku lina samugwira, amayi."

Mimba inali ya miyezi isanu ndi iwiri ndi theka pamene bipi yanga inakwera. Ku kiliniki anandipatsa mapiritsi, n'kundiuza kuti ndisiye kusoka, ndisiye kutunga madzi, ndizigona, ndipo ndizibwera kudzayezetsa sabata iliyonse. A nesi anati tikangokankha masabata atatu kapena anayi, mwana adzakhala atakhwima mokwanira. Sanafunike kundiopseza. Zaka ziwiri m'mbuyomo matenda omwewo anali atandilanda mwana wamwamuna, yemwe ndinamunyamula kamodzi kokha, atakulungidwa m'chitenje chimene ndinachipinda m'mphepete ndi makina anga.

Nason amayendetsa thiraki ya ku Nakonde, ndipo akachoka amatha masiku asanu, mwina sabata. Amayi anga sakanasiya atate odwala kumudzi. Apongozi aakazi anamwalira ndisanakwatiwe. Bana Mwenya, mayi wa Chibemba wa nyumba yoyandikana ndi yathu, ankandiphikira m'mawa n'kunditungira madzi, koma masana ankapita kukagulitsa salaula, zovala zakaunjika, kumsika mpaka madzulo. Ndiye Nason anapempha bambo ake kuti azidzakhala nane masana. Anakana kawiri. Kachitatu Nason anawauza kuti walumikiza tchanelo cha masewera, ndipo mpikisano waukulu wa njinga uyamba Loweruka. Loweruka lomwelo, itangokwana wani koloko, ndinamva belu la njinga pageti.

Ba Whyson anakalambira pa njinga. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri ankatenga makala cha ku Chongwe, matumba osanjikizana pa kaliyala mpaka kupitirira mutu wawo, kudzagulitsa mu Kalingalinga. Mawondo atakana, anayamba kukonza njinga za anzawo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi nyumba yawo. Mpikisanowo anauona koyamba m'shopu ina ya zipangizo za njinga ku Kamwala, kumene anapita kukagula masipoko n'kubwerako dzuwa litalowa, masipokowo atawaiwala pa kauntala. Chingerezi cha owulutsa sankachimva kwenikweni. Iwo ankawerenga miyendo, mapewa ndi pakamwa pa munthu.

Kuyambira tsiku la funso langa lija anayamba kundiphunzitsa, koma nthawi zonse ngati akuuza felemu la chitseko. Anati mpikisanowu si wa tsiku limodzi ngati mpira. Ndi masiku makumi awiri ndi limodzi opalasa, ndi awiri opuma, ndipo tsiku lililonse lili ndi msewu wake: lero chigwa, mawa mphepo, mkuja mapiri. Wovala jezi yachikasu ndi amene watenga nthawi yochepa mukaphatikiza masiku onse, ndipo akhoza kuivala osakhalapo woyamba kufika ngakhale tsiku limodzi. Anandionetsa anyamata amene ntchito yawo ndi kubwerera m'mbuyo kugalimoto, kulonga mabotolo a madzi m'malaya mpaka msana kutupa, n'kukawagawira anzawo kutsogolo. Ena ankangokhala patsogolo pa mtsogoleri wawo, kumutchingira mphepo mpaka miyendo itatha, kenako n'kupatukira pambali popanda wowaombera m'manja.

"Aja ndiye anthu," anatero. "Mphepo ni katundu, amayi. Ikakupeza pa msewu wa ku Chongwe uli na malasha kumbuyo, ungalire mwamuna wamkulu."

Tsiku lachisanu kumeneko kunagwa mvula, ndipo pa kona ina anthu anagwa mulu. Onse anadzuka n'kumapita, kupatula mmodzi, chimunthu chachitali cha ntchafu ngati za onyamula matumba ku msika waukulu wa Soweto mu Lusaka momwemo. Anadzuka pomalizira, kabudula atang'ambika, mnofu uli psuu. Dokotala anamumanga mabala ali pa njinga pomwepo, iye atagwira zenera la galimoto ikuyenda. Mawa lake anabwera atamangidwa mkono, bondo ndi chibwano. Dzina lake linali lopinda lilime, ndiye tinkangomutcha Wamabandeji.

Ndi chifukwa cha iye kuti ba Whyson anandiuza zoti kumbuyo nakonso kuli mpikisano wake. Woyamba akangofika, amayamba kuwerenga nthawi, ndipo wofika nthawiyo itatha amamuchotsa, mawa sapalasanso. Anthu olemera thupi ngati Wamabandeji, akalowa m'mapiri salimbira zopambana. Amalimbira kuti mawa awalole kuyambanso.

Kamera sinkamuonetsa kawirikawiri. Wopambana ankalandira maluwa, kukumbatira anthu, ife tili chete kudikira mndandanda wa mayina. Ndinkawerenga ndine, chifukwa maso awo sankaona tizilembo. Dzina lija likatuluka, cha kumunsi kwenikweni, ba Whyson ankaimirira, kukhazika bwino chipewa, n'kunena kuti, "Wafika. Na imwe mwafika. Tizaonana mailo." Ndipo mawa lakelo belu linkaliradi pageti.

Sindinauze munthu, koma mumtima ndinali nditamanga mfundo yopusa. Ndinkati Wamabandeji akafika ku Paris, kumene mpikisano umathera, mwana wanganso afika.

Magetsi ankazima mosapangana ndi munthu. Atazima koyamba mpikisano uli mkati, ndinawauza kuti apite akaonere kwa wometa tsitsi wa kumsika, yemwe ali ndi sola. Anakana, ati Nason anawasiyira ntchito. Madzulo, bana Mwenya atabwera, ndi pamene ankathamangira kwa wometayo kukaona zobwereza, ndipo mawa lake ankafika ndi tizivindikiro ta mabotolo m'thumba. Ankatiyala pa simenti: aka ndi ka jezi yachikasu, aka ndi ka mdani wake, mphepo ikuchokera ku kabati. Ankatikankha ndi chala chakuda ndi girizi, kufotokoza mmene chigulu chinadukira patatu, ndipo kachivindikiro kopindika ankakasiya kokha kutali, pafupi ndi mbaula. Ameneyo anali munthu wathu.

Tsiku lina bana Mwenya anabwera msanga n'kutipeza tikukangana ngati wa jezi yachikasu anali atatopadi kapena ankangonamizira. Anadikira mpaka apongozi atapita.

"Imwe ba Tionge, manje bapongozi basanduka banzanu ba mu bala? Ku Katete kwanu ndiye mwamene muchitila?"

Ndinaseka mpaka mwana anandimenya nthiti. Ndi pamene ndinaona kuti kampando kaja kanali katalowa m'nyumba, miyendo yonse inayi, ndipo sindikudziwa kuti kanalowa liti.

Lolemba lachiwiri lopuma kunalibe mpikisano, koma anabwerabe, atanyamula wilo la njinga ya kasitomala. Kunkazizira, mphepo ya Julaye ikulowetsa fumbi pansi pa chitseko. Anakhala akumanga masipoko, kuzunguza wilo, kuliyang'ana ndi diso limodzi, kumanganso. Ali mkati mwa ntchitoyo anayamba kukamba za akazi awo. Anati Nason asanabadwe anataya ana awiri. Wachiwiriyo anapita iwo ali pa msewu ndi makala, ndipo atafika anapeza amayi oyandikana nawo ataika kale malirowo, monga amachitira ndi khanda. Anawauzira pakhomo kuti zachitika, asafunse zambiri. Ndiye sanafunse. Analowa, anapeza akazi awo atagona kuyang'ana khoma, anawapatsa moni, n'kutuluka kukamasula matumba.

Wilo linazungulira mpaka linaima lokha.

"Mpaka lelo nimafuna nikanakamba kanthu," anatero. "Na pa uja wanu sininakambe. Koma inanipweteka, amayi. Ninali nitamupezela kale kampando ka pa njinga."

Ndinakoka bulangete kuphimba kumaso, ndipo iwo anapitiriza kumanga masipoko mpaka ndinamaliza kulira.

Lachitatu la sabata yomaliza linali tsiku la mapiri aakulu. Nason anali ku Nakonde. Ndinadzuka mutu ukugunda, koma sindinauze bana Mwenya, chifukwa kunali kutatsala masiku asanu okha ndipo sindinkafuna kumva kuti ndalephera. Cha m'ma fili koloko, anthu akukwera phiri lopanda mtengo ndi umodzi womwe, ba Whyson anandifunsa kuti kwatsala makilomita angati. Ndinayang'ana pakona ya TV pamene pamakhala nambala. Panali timiuni tothwanima, ngati nthethe za moto. Ndinatikita maso, koma timiunito tinadzaza nyumba yonse.

"Sindikuona bwino," ndinatero.

Anatembenuka n'kundiyang'ana kumaso, koyamba chikwatiwire ine. Maso awo anali ofiirira, okhala ndi mkombero wotuwa wa ukalamba. Anandiyang'ana monga ankayang'anira anthu a pa njinga aja.

"Nkhope yatupa. Mutu unayamba liti?"

Nditawauza kuti m'mawa, sanandikalipire. Anazimitsa TV ndi dzanja lawo, wa jezi yachikasu atangoimirira pa mapedulo kuti athawe anzake. Anaimbira wa takisi wina wa kutchalitchi kwawo, koma galimoto sikanalowa m'kanjira kathu chifukwa cha ngalande imene anakumba pofuna kuika mapaipi. Inayenera kutidikira kumsewu wa tala, mtunda woti munthu wabwinobwino amayenda mphindi khumi. Nditayesa kuimirira, pansi panapendekeka.

Anapinda bulangete kanayi n'kuliyala pa kaliyala. Kenako anaima patsogolo panga, manja ali lende.

"Munikhululukile, amayi."

Anandigwira m'khwapa n'kundidzutsa. Anandikhazika cham'mbali pa kaliyala, anatenga dzanja langa n'kuliika paphewa pawo, ati ndigwire zolimba, ndisachite manyazi. Sanakwere. Anakankha njingayo akuyenda pansi, dzanja lina pa handulo lina pa chishalo, kuzemba miyala ndi maenje ngati anyamula mazira. Amayi a pampopi anasiya kutunga n'kumatiyang'ana. Ine ndinkangomva fupa la phewa lawo pansi pa jekete, lowonda kuposa mmene ndinkaganizira, ndi mawondo awo akulira pa sitepe iliyonse. Njira yonse ankanditchulira malo kuti ndisagone: tapitirira chigayo, tafika pa tchalitchi cha malata, uko kukuoneka takisi.

Ku kiliniki atandiyeza sanachedwe, anandikweza ambulansi ya ku chipatala chachikulu. Madzulo omwewo anandichita opaleshoni. Anali mwana wamkazi, wosakwana makilo awiri, ndipo ndinangomuona kaphazi asanathamange naye kukamuika m'kabokosi kagalasi. Dzina lakuti Mwaiwathu anadzamupatsa agogo ake pambuyo pake. Masiku amenewo analibe dzina, ndipo ndinkaopa kumuganizira lililonse.

Nason anafika Lachisanu m'mawa, maso ali ofiira, atasiya thiraki ndi mnzake ku Mpika. Atakhala pambali pa bedi ndinamufunsa ngati Wamabandeji wafika. Anandigwira pamphumi kuyesa ngati ndatentha thupi. Nditamufotokozera anati akafunsa, ndipo madzulo anabwera ndi yankho lakuti atate akuti zonse zili bwino, ndizipuma. Ba Whyson sankayankha choncho nkhani ya njinga. Tsiku lomwelo mwana anakana mkaka, ndipo a nesi ankalankhulana motsitsa mawu pafupi ndi kabokosi kake.

Loweruka masana ndinatenga foni n'kuimba nambala ya apongozi, imene ndinali nayo zaka zinayi osaiimbapo. Atayankha ndinamva nkhuku ndi kulira kwa sipanala yogwa pansi. Ndinawapatsa moni, n'kuwapempha kuti andiuze zoona.

Anati Wamabandeji anatsalira pa phiri loyamba Lachitatu lomwe lija. Galimoto yotola olephera inamutsatira m'mbuyo tsiku lonse, koma anakana kukwera. Anafika yekha pamzere, anthu atayamba kale kuchotsa zikwangwani, nthawi itapitirira ndi mphindi zochepa. Anamuchotsa.

Ndinalira mokweza moti mayi wa bedi loyandikana nalo anadzuka. Ndinawauza apongozi za mfundo ija, zonse, mmene ndinamangirira mwana wanga ku njinga ya munthu wosandidziwa, ndi kuti mutu ndinaubisa chifukwa cha zomwezo. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anatha.

"Amayi," anatero, "vija ni vanjinga chabe. Uja munthu ali kwao manje, akudya. Chaka chamawa azabwelanso. Mwana wamwa lelo?"

Ndinati wamwa pang'ono m'mawa, wa m'kakapu, ndipo sanasanze.

"Ndiye lelo wafika. Va mailo ni va mailo."

Lamulungu m'mawa a nesi anatulutsa mwana m'kabokosi muja n'kumuika pachifuwa panga, khungu pa khungu, n'kutimanga pamodzi ndi chitenje. Anati kutentha kwa thupi langa ndiko kumukulitse, ndisamuchotse pokhapokha posamba. Mwanayo anali wopepuka moti ndinkasuzumira m'chitenjemo kawirikawiri kuona ngati alimo. Ankapuma mofulumira, kamutu kali m'kachipewa ka ulusi kamene bana Mwenya anasankha m'belo lawo la salaula.

Nthawi yoona odwala, dzuwa litapendeka, Nason analowa ndi chakudya, n'kundiuza kuti ndipite pazenera. Ndinamufunsa kuti kuli chiyani. Anati atate amulanda foni yake yaikulu pageti kuti andionetserepo mpikisano. M'chipinda cha amayi ongobereka sangalowe, ngakhale a chipatala akanawalola, koma ati lero ndi tsiku lomaliza, ndipo tsiku lomaliza anthu sayamba ndi kupikisana. Onse amene apulumuka masabata atatu aja amayenda pang'onopang'ono, atagwirana mapewa, akuseka, wa jezi yachikasu pamodzi ndi otunga madzi. Ati zimenezo sindiyenera kuzimva kwa munthu, chifukwa ndapalasa nawo kuyambira pa chiyambi.

Ndinayenda pang'onopang'ono, dzanja lina pabala la opaleshoni, lina pansi pa mwana. Chipinda chathu chinali m'mwamba. Pansi, kuseri kwa mpanda wa waya, pakati pa amayi ogulitsa nthochi ndi anthu onyamula madengu a chakudya cha odwala, panaima ba Whyson. Anali atavala jekete lawo la kutchalitchi, buluku atalipana m'miyendo ndi mapegi oyanikira zovala, njinga itatsamira m'chiuno mwawo. Foni anainyamula ndi manja awiri pamwamba pa mutu, atailozetsa ku zenera lachitatu kuchokera pamene ndinaima, kumene kunalibe munthu.

Ndinatsegula kazenera kakang'ono n'kutulutsa dzanja. Mayi wina wa nthochi ndiye anandiona, n'kuwakoka jekete. Anatembenuka, anandipeza, n'kukweza foni ija kwambiri, ataimirira ndi zala za kumapazi. Kuchokera pamwamba pamenepo inkaoneka ngati kabokosi ka machesi kowala ndi dzuwa. Sindinaone njinga ngakhale imodzi. Ndinagwedeza mutu kuti ndikuona, ndipo iwo anagwedezanso wawo.

Kenako ndinatembenukira cham'mbali, n'kutsitsa chitenje pang'ono kuti kachipewa ka ulusi kaonekere pagalasi.

Manja awo anayamba kutsika osadziwa, mpaka foni inaloza kumwamba, anthu a ku France akupalasa moyang'ana mitambo ya Lusaka. Ndi dzanja linalo anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa, ndipo anaima choncho m'fumbi muja, njinga ikutsetsereka pang'onopang'ono m'chiuno mwawo mpaka mayi wa nthochi uja anaigwira kuti isagwe.